Momwe mungakonzere mwambo wothokoza anthu odzipereka pothandiza asilikali ndi ankhondo akale muno mu Harare

Kukonza maliro timakudziwa. Uthenga ukangomveka ku Mufakose kapena ku Mabvuku, pasanathe maola angapo nkhuni zafika, mapoto ali pamoto, a bungwe la maliro atsegula kale buku lawo. Chimene chimativuta ndi kuthokoza munthu adakali moyo. M'mipingo ndi m'magulu athu muli anthu amene amasambitsa agogo omwe anaduka mwendo kunkhondo, amene amaperekeza msilikali wopuma kukafunsa za penshoni, amene amayang'anira ana a msilikali yemwe watumizidwa kutali. Salandira kanthu. Gulu likati liwathokoze, kawirikawiri zimatha chonchi: a kugome lapamwamba alankhula maola awiri, masatifiketi aperekedwa mothamanga dzuwa litapendeka, dzina la mayi amene wagwira ntchito yaikulu kuposa onse laiwalika, ndipo sabata yotsatira mayiyo sakuyankhanso foni.

Malangizo awa ndi a gulu laling'ono, monga mpingo, mzikiti, amayi a Chigwirizano, bungwe la maliro kapena gulu la anthu ochokera dera limodzi kumudzi. Yambani masabata 8 tsiku lisanafike. Ntchito yaikulu ili m'masabata oyambirira, pofufuza mayina, ndipo amene aziuza mayinawo ndi eni ake othandizidwa. Zimenezi zikayenda bwino, zotsalazo n'zopepuka.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Komiti ya anthu 5 kapena 7: wapampando, mlembi, msungichuma ndi ena oyenda m'makomo. Mukhale msilikali wopuma mmodzi kapena mayi wamasiye wa msilikali. Aliyense amene angadzakhale pa mndandanda wa othokozedwa asalowe m'komitiyi.
- Mabuku awiri achikuto cholimba. Limodzi la mayina ndi ntchito zawo, lina la ndalama zokha.
- Buku la malisiti.
- Nambala imodzi ya EcoCash kapena InnBucks yolandirira zopereka, imene anthu awiri angathe kuona zolowa ndi zotuluka.
- Mapepala olimba a satifiketi ndi mafelemu, kuphatikizapo atatu apadera osalembedwa.
- Malo opanda masitepe ambiri, okhala ndi chimbudzi chapafupi chimene njinga ya munthu waulumali ingalowe.
- Chimkuzamawu chokhala ndi batire yakeyake. Musadalire kuti magetsi a ZESA adzakhalapo.
- Galimoto imodzi yokatenga okalamba kunyumba ndi kukawatula.
- Womasulira amene amadziwa bwino Chichewa ndi Chishona.
- Munthu mmodzi yekha wojambula zithunzi, amene mwamuuza zoyenera ndi zosayenera kujambula.

Gawo 1: Gwirizanani kuti othandizidwa ndi ndani

Musanalembe dzina la wodzipereka aliyense, komiti ikhale pansi n'kumvana kuti mawu oti "msilikali" ndi "wankhondo wakale" akukhudza ndani. Kuno ku Zimbabwe funsoli si laling'ono.

Lamulo la 2020 lotchedwa Veterans of the Liberation Struggle Act limazindikira magulu anayi: amene anagwira mfuti pa nkhondo yomenyera ufulu, amene anamangidwa kapena kutsekeredwa pa zifukwa za ndale, amene anawoloka malire koma sanaphunzitsidwe zankhondo, ndi amene ankathandiza ankhondo m'midzi, omwe timawadziwa kuti amujibha ndi achimbwido. Ameneyu ndi kaundula wa boma. M'dera lanu mulinso ena amene kaundulayu sawakhudza koma amafuna dzanja tsiku ndi tsiku: asilikali a Zimbabwe National Army amene analondera njanji ndi paipi ya mafuta yopita ku Beira pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, amene anapita ku DRC pakati pa 1998 ndi 2002, okalamba amene anali mu Rhodesian African Rifles, gulu la asilikali akuda la boma la Rhodesia, ndiponso amasiye a agogo athu a King's African Rifles amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito kuno nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945. Onjezani mabanja a asilikali amene ali pantchito pano.

Ine ndikuti atengeni onse. Mukuthokoza munthu amene akuchapa zofunda za wodwala, ndipo kuchapako sikusintha chifukwa cha mbali imene wodwalayo anamenyera. Mu 1980 ankhondo omenyera ufulu a ZANLA ndi a ZIPRA pamodzi ndi a boma la Rhodesia anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi lankhondo, tsono mpingo usakhale woyamba kuwalekanitsanso.

Chenjezo: chimene mwagwirizana chilembedwe m'buku, chiwerengedwe pa zolengeza. Mukasiya nkhaniyi osaikambirana, idzabuka pa tsiku la mwambo pamaso pa alendo.

Gawo 2: Pitani m'makomo mukafunse eni ake

Apa ndi pamene magulu ambiri amagwa. Amalengeza Lamlungu kuti amene akudziwa munthu woyenera apereke dzina kwa mlembi. Mayina amene amabwera ndi a anthu odziwika kale: amene anapereka matumba a ufa anthu akuona, amene ali ndi galimoto, amene amalankhula pa misonkhano. Mtsikana amene amatunga madzi a agogo kumjigo m'mawa uliwonse palibe amene amamutchula, chifukwa palibe amene amamuona.

Chitani chonchi. Lembani kaye mayina a asilikali opuma, amasiye ndi mabanja a asilikali a m'dera lanu. Kenako anthu awiri a m'komiti, mwamuna ndi mkazi, ayendere khomo lililonse. Musapite chimanjamanja, tengani ngakhale buledi ndi shuga. Mukalonjerana n'kukhala pansi, musafunse kuti, "Kodi tithokoze ndani?" Funso limenelo wokalamba adzayankha mwaulemu potchula abusa kapena wapampando wanu. Funsani mafunso okhudza ntchito:

- Agogo, ulendo watha kuchipatala anakuperekezani ndani?
- Mankhwala akatha, amakakutengerani ndani?
- Usiku mukadwala, mumagogoda pakhomo la yani?
- Mapepala a penshoni anakuthandizani kulemba ndani?
- Amabwera kudzangocheza nanu ndani?

Funso lomalizali musalidumphe. Ankhondo akale ambiri chimene chimawapweteka kwambiri ndi kusungulumwa, ndipo munthu amene amabwera Loweruka lililonse kudzasewera nawo bawo akugwira ntchito yeniyeni.

Lembani mayankho momwe anenera, osakongoletsa. Mawu amenewo mudzawafuna pa Gawo 6. Dzina likatchulidwa m'makomo awiri kapena atatu, ikani chizindikiro. Funsaninso kuti munthuyo wakhala akuchita zimenezi kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ngati amalipidwa ndi ana a wokalambayo, lembaninso. Wolipidwa ndi wantchito, ndipo ngakhale angathokozedwe pakamwa, asalowe pa mndandanda umodzi ndi ongodzipereka.

Nanga mkazi kapena mwana wa msilikaliyo? Ena amati achibale sawerengedwa chifukwa ndi udindo wawo. Sindigwirizana nazo. Mayi amene wakhala zaka zambiri akutonthoza mwamuna wodzidzimuka usiku chifukwa cha zimene anaona kunkhondo wasenza katundu amene ambiri a ife sitingathe. Apatseni gulu lawolawo, la osamalira a m'banja, kuti pasakhale mpikisano ndi akunja.

Chenjezo: musasankhe "wopambana" mmodzi. Mukapeza anthu 12, thokozani onse 12. Ndalama zikachepa, chepetsani chakudya, osati mayina.

Gawo 3: Pemphani chilolezo mbali zonse ziwiri

Bwererani kwa wothandizidwa mukamuuze kuti mukufuna kutchula pagulu zimene munthu uja amamuchitira, ndipo mumufunse zimene zinganenedwe ndi zimene zikhale za m'nyumba. Munthu amene anatsogolera anyamata kunkhondo safuna kuti holo yonse imve kuti amavekedwa matewera. Akakana kutchulidwa dzina, mudzangonena kuti "mmodzi wa makolo athu". Matenda ake musawatchule ngakhale atavomera, pokhapokha iye mwini afune kulankhula.

Kenako pitani kwa wodziperekayo. Ena amakana, makamaka amene amaona kuti ntchito yachifundo ikalengezedwa yataya mphotho yake kwa Mulungu. Musawakakamize ndipo musawadzidzimutse powaitana kutsogolo mwadzidzidzi. Amenewa mudzawayendere kwawo, anthu atatu, ndi mphatso yomweyo. Amene avomera, afunseni kalembedwe ka dzina lawo, muone pa chitupa ngati n'kotheka. Mayina athu ambiri analembedwa mwa Chishona kapena mwa Chingerezi ku maofesi, ndipo munthu angafune kuti pa satifiketi palembedwe momwe makolo ake ankatchulira. Afunseninso ngati akufuna kuitanidwa ndi mfunda, kuti aPhiri, Nabanda kapena Nangozo.

Gawo 4: Sankhani tsiku ndi malo

Maganizo oyamba a aliyense ndi Heroes' Day, Lolemba lachiwiri la Ogasiti, kapena Defence Forces Day, Lachiwiri lotsatira. Masiku awiriwa apeweni. Ankhondo akale ambiri amakhala ku National Heroes Acre kapena ku manda a ngwazi a chigawo, asilikali ali pa perete, ndipo mabanja ena amapita kumudzi kukaika miyala pamanda. Loweruka lotsatira ndi labwino, mitima ya anthu ikadali pa nkhaniyi. Ogasiti kuno ndi wamphepo ndi fumbi, choncho okalamba musawakhazike panja, ndipo muyambe 10 koloko kukatenthera.

Tsiku lina loyenera ndi 5 Disembala, limene bungwe la United Nations linaliika kukhala lokumbukira anthu ogwira ntchito mongodzipereka. Ubwino wake ndi wakuti silikoka maganizo a ndale. Vuto lake ndi mvula, ndiye pafunika denga lenileni, osati tenti yobwereka. Magulu amene ali ndi amasiye a King's African Rifles angakonde Novembala, pafupi ndi pa 11, pamene kumudzi ku Zomba amakumbukira asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu.

Malo abwino ndi amene anthu anu anawazolowera: holo ya tchalitchi, kalasi ya sukulu kapena bwalo la mzikiti lokhala ndi denga. Ngati mukufuna holo ya khonsolo, kalembetseni ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu masabata 6 tsiku lisanafike, mulipire, mutenge lisiti. A ku Mbare ali ndi Stodart Hall, kumene matupi a ngwazi za dziko amadzera asanapite ku Heroes Acre, komanso Mai Musodzi Hall. Yachiwiriyi imandikomera pa mwambo wotere, chifukwa ili ndi dzina la mayi amene anatsogolera gulu la amayi othandiza anzawo m'dera lomweli mpaka pamene anamwalira mu 1952. Woyendetsa mwambo angathe kunena zimenezi m'mawu awiri potsegulira.

Lamulo la 2019 la Maintenance of Peace and Order Act limafuna kuti misonkhano ina ya pagulu idziwitsidwe ku polisi pasadakhale. Ngati mwambo uli kunja kwa malo anu opempherera, kapena mukufuna kuyenda mumsewu ndi nyimbo, wapampando apite ndi kalata ku siteshoni ya polisi yapafupi masabata awiri tsiku lisanafike, akafotokoze, asunge kope lodindidwa.

Pitani mukaone malowo ndi maso, mutatenga munthu woyenda ndi ndodo. Akavutika polowa kapena kuchimbudzi, funani malo ena.

Gawo 5: Ndalama ndi mphatso

Sonkhani pakati panu ndi kwa abale anu a ku Joni ndi ku UK amene angatumize pa Mukuru. Kupempha ndalama kwa anthu wamba m'misewu ndi m'masitolo kuli ndi malamulo ake, ndipo gulu losalembetsedwa lingadziike m'mavuto. Musagwiritse ntchito dzina la gulu lankhondo kapena la bungwe lililonse la ankhondo akale pa kalata yopempha thandizo popanda chilolezo chawo cholembedwa.

M'buku la ndalama mukhale mizere iwiri yosiyana, wa madola a America ndi wa ZiG, ndalama ya dziko lino. Musasinthe n'kuphatikiza m'mutu, chifukwa mikangano yambiri ya m'makomiti imayambira pamenepo. Aliyense wopereka alandire lisiti, ngakhale atapereka dola imodzi.

Lamulo langa ndi ili: theka la ndalama zonse lipite ku mphatso za othokozedwa. Chakudya, holo ndi mafuta a galimoto zigawane theka linalo. Tikapanda kudziikira malire, mpunga ndi nkhuku zimadya zonse, othokozedwa n'kubwerera ndi pepala lokha.

Mphatso yabwino ndi imene ikubweza zimene munthu wakhala akutaya. Wodzipereka amawononga ndalama zake za kombi popita ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, amatha mayunitsi a foni, amatha nsapato, amatha sopo. Ndiye ganizirani izi: envelopu ya ndalama zoyendera, bulangete lochindikala, chitenje chabwino, nsapato zolimba, ambulera, nyali ya sola, kapena thumba la ufa la makilogalamu 10 ndi mafuta ophikira. Ngati wothokozedwa ndi mwana wa sukulu, kalipireni mbali ya fizi ku sukulu komweko, mumupatse lisiti m'envelopu. Mphatso zikhale zofanana mtengo, ngakhale zitasiyana mtundu. Anthu amayerekeza akafika panja.

Magolovesi, mankhwala ophera tizilombo ndi matewera a akuluakulu ndi zofunika kwambiri, koma zimenezo ndi zida za ntchito. Ziperekeni tsiku lina. Mukazikulunga ngati mphatso, mukumuuza munthuyo kuti apitirize kugwira ntchito basi.

Satifiketi musainyoze. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene akufuna ntchito yosamalira odwala, pepala losainidwa ndi kudindidwa, lonena zimene wachita ndi zaka zake, lingamuthandize. Wotero mulembereninso kalata ya umboni ya Chingerezi pa pepala la mpingo. Satifiketi yeniyeniyo ilembedwe m'Chichewa, Chingerezi chikhale pansi. Chewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko a 2013 amazivomereza, palibe chifukwa chochibisira.

Ndiwo ndi tomato kaguleni ku Mbare Musika m'mamawa, tsiku limodzi mwambo usanachitike. Ngati pakubwera abale athu achisilamu, nyama ikhale yozinga iwo, ndipo nkhumba isayandikire. Okalamba ambiri ali ndi shuga kapena BP, ndiye pakhale tiyi wopanda shuga ndi ndiwo zosachuluka mchere.

Gawo 6: Lembani mawu a munthu aliyense

Wothokozedwa aliyense akhale ndi mawu akeake, otenga mphindi imodzi kapena ziwiri powerenga. Tsegulani buku lija la m'makomo. Mawu onga "wakhama", "wachikondi" ndi "wodzichepetsa" asiyeni, chifukwa angathe kunenedwa kwa aliyense. Nenani ntchito, nthawi ndi zimene zinasintha. Yerekezani ziwirizi.

Choyamba: "Mayi aujeni ndi mayi wachifundo amene amathandiza kwambiri okalamba athu."

Chachiwiri: "Mayi aujeni, kwa zaka zitatu tsopano, mwezi uliwonse mumadzuka kusanache kukaima pamzere wa mankhwala m'malo mwa bambo athu amene sangathe kuima. Pamene mapepala awo a penshoni anasokonekera, munayenda nawo ku maofesi mpaka zinatheka. Iwo atiuza kuti mukachedwa kubwera, amakhala pakhonde kukudikirirani. Mpingo ukuti zikomo."

Chachiwiricho mayiyo adzachikumbukira, ndipo achinyamata amene akumvetsera adzadziwa chimene kuthandiza kumatanthauza. Onani kuti sichinatchule matenda a bamboyo.

Mawuwo awerengedwe kaye pamaso pa komiti, kenako mupatse womasulira kope masiku atatu mwambo usanachitike. Adzukulu athu ambiri obadwira ku Tafara ndi ku Epworth amamva Chishona kuposa Chichewa, ndipo ena mwa othokozedwa angakhale anansi athu achishona kapena achindebele. Masulirani mawu othokozawa mokwanira. Zolankhula zina zingafupikitsidwe.

Gawo 7: Alendo ndi asilikali amene ali pantchito

Mphatso iperekedwe ndi wothandizidwa mwini ngati angathe kuimirira kapena kutambasula dzanja. Ulemu umenewo ndi waukulu kuposa kugwirana chanza ndi bwana amene wothokozedwayo sadzamuonanso.

Mukafuna kuitana msilikali amene ali pantchito kuti abwere atavala yunifomu kapena alankhule m'dzina la gulu lankhondo, musangomuuza pa WhatsApp. Lembani kalata yopita kwa akuluakulu ake, mwezi wathunthu pasadakhale. Likulu la asilikali apamtunda lili ku Josiah Magama Tongogara Barracks, imene kale inkatchedwa KGVI, koma iye mwini adzakuuzani ofesi yoyenera. Yankho likapanda kubwera, abwere ngati mkhristu kapena mnansi wamba, atavala zake, ndipo musamutchule udindo pa chimkuzamawu.

Andale ndi nkhani yovuta. Khansala wa dera angabwere ngati mlendo, koma mumuuziretu kuti ali ndi mphindi 3, ndipo zovala, mbendera ndi nyimbo za chipani chilichonse zisalowe. Mulembe zimenezi pa kalata yoitanira aliyense. M'chaka cha zisankho, ndi bwino kusaitana wandale ndi mmodzi yemwe.

Gawo 8: Tsiku la mwambo

Galimoto iyambe kutenga okalamba 8 koloko. Othokozedwa akhale kutsogolo, aliyense pambali pa wothandizidwa wake. Gome lapamwamba likhale lawo. Abusa, mashehe ndi alendo akhale mzere wachiwiri, ndipo muwafotokozere zimenezi pasadakhale kuti asadabwe.

Othokozedwa asagwire ntchito iliyonse tsikuli. Izi ziyang'aniridwe ndithu, chifukwa anthu amenewa ndi omwe aja amathamangira kukhitchini osatumidwa. Sankhani achinyamata awiri oti azikankha njinga ndi kuperekeza okalamba kuchimbudzi m'malo mwawo.

Mwambo usapitirire maola awiri chakudya chisanafike. Ndondomeko yake ingakhale iyi:

1. Pemphero ndi nyimbo imodzi.
2. Mawu a wapampando, mphindi 5.
3. Kukhala chete mphindi imodzi pokumbukira asilikali ndi odzipereka amene anatisiya. Mayina awo awerengedwe.
4. Kuthokoza mmodzimmodzi: dzina, mawu ake, mphatso, nthungululu, kwaya iimbe kolasi imodzi.
5. Mmodzi wa ankhondo akale alankhule m'malo mwa anzake.
6. Mmodzi wa othokozedwa ayankhe, ngati akufuna.
7. Mlendo alankhule.
8. Pemphero ndi chakudya.

Onani kuti mlendo ali kumapeto. Akachedwa kufika, mwambo sudikira. Akatalikitsa, ntchito yaikulu yachitika kale.

Wankhondo wakale akayamba kulankhula, musamukakamize kusimba za kunkhondo, ndipo woyendetsa mwambo asafunse mafunso onga akuti anapha angati. Akayamba kulira kapena kusokonezeka, kwaya iyambe nyimbo mofatsa, wina amugwire dzanja n'kumukhazika pansi. Mabaluni, zophulitsa ndi kumenya ng'oma modzidzimutsa pafupi ndi iwo zipewedwe. Kwa ena phokoso lotere limawabwezera kutchire.

Zovala zamawangamawanga za asilikali anthu wamba saloledwa kuvala m'dziko muno. Achinyamata amene akonza sewero auzidwe zimenezi msanga. Mendulo azivala eni ake okha.

Wojambula ajambule amene avomera basi. Asilikali amene ali pantchito asajambulidwe popanda chilolezo chawo, ndipo chithunzi chilichonse chisapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp eni ake asanachione.

Pogawa chakudya, mbale zoyamba zipite kwa othokozedwa ndi okalamba.

Gawo 9: Sabata yotsatira

Msungichuma awerenge ndalama zonse pamaso pa gulu, zolowa ndi zotuluka, malisiti ali pagome. Amene sanathe kubwera apititsireni mphatso kwawo sabata yomweyo. Tsukitsani chithunzi chimodzi cha wothokozedwa aliyense ali ndi wokalamba wake, mupereke kwa onse awiri.

Kenako funsani odziperekawo funso limodzi: chikukulemerani n'chiyani? Ambiri adzati alibe wowalandira. Konzani kuti aliyense akhale ndi mnzake womupumitsa ngakhale Loweruka limodzi pa mwezi. Ngati wina akuoneka wotopa mumtima, kapena wokalamba amene akumusamalira sagona chifukwa cha maganizo, auzeni za Friendship Bench, ntchito imene inayambira ku Mbare, ya agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera anthu amene ali ndi nkhawa. Amapezeka m'makiliniki ambiri a khonsolo. Zikakula, apite kwa dokotala.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kulakwitsa dzina pa satifiketi. Anthu awiri awerenge satifiketi iliyonse asanaiike mu felemu, ndipo mapepala atatu apadera aja akhale m'chikwama cha mlembi pamodzi ndi cholembera chabwino.

Kusandutsa mwambowu kukhala wa asilikali. Iwo ali ndi masiku awo mu Ogasiti. Zolankhula zikayamba kutamanda nkhondo ndi magulu ake, othokozedwa amasanduka oonerera pa tsiku lawo lomwe. Woyendetsa mwambo akhale munthu wotha kubweza nkhani mwaulemu.

Kusakaniza opereka ndalama ndi ogwira ntchito. Wamalonda amene anapereka matumba a ufa alembereni kalata yothokoza, mumutchule pa zolengeza. Asaime pamzere umodzi ndi munthu amene wakhala akutaya mtsuko wa wodwala.

Kuchita perekaniperekani kwa munthu mmodzimmodzi. Wa abale ambiri adzatola zambiri, wosauka adzaima yekha mbale ili gwa. Ngati anthu akufuna kufupa, pakhale mbale imodzi, ndalamazo zigawidwe mofanana.

Kulonjeza zimene simungathe. Wapampando akatengeka n'kunena kuti kuyambira lero aliyense azilandira ndalama mwezi ndi mwezi, mawuwo adzakhala ngongole. Asalonjezenso kuti gulu lithandiza munthu kulowa m'kaundula wa boma wa ankhondo akale, chifukwa kufufuza kumeneko kumachitidwa ndi boma.

Kulipiritsa pakhomo kapena kugulitsa makadi. Wothokozedwa adzabwera yekha, ana ake atatsala kunyumba. Aliyense apatsidwe malo a abale osachepera atatu, kwaulere.

Kuiwala wa mpingo wina. Wokalamba akatchula mnansi wa chipembedzo china kapena mtundu wina, dzinalo lilowe. Mukalichotsa, wokalambayo adzadziwa kuti mafunso anu aja anali a chiphamaso, ndipo chaka chamawa sadzakuuzani zoona.

Kutaya buku la mayina. Lisungidwe ndi mlembi wa gulu lonse, osati wa komiti ya mwambo, chifukwa komiti imatha. Chaka chotsatira muyambire pa bukulo, muyenderenso makomo onse, mufunse mafunso omwe aja, ndipo muwonjezere khomo lililonse limene mwamva kuti muli msilikali wopuma kapena wamasiye amene simunamufikire.